Keke ya pa Tsamba Lachitatu

Mayi anga, Odete, anaphikapo keke ya m'nyuzipepala.
Sinafufume.
Inatuluka mu uvuni ili gwa, ngati njerwa,
mchere masupuni asanu ndi awiri.
Galu wa a Valdomiro anainunkhiza n'kubwerera.

Bambo anaseka mpaka kutsamwa.
Ndiwo anasanja zilembo zake usiku wathawo
m'chipinda chapansi chosindikizira, ku São Paulo,
munthu wa boma wa jekete lotuwa
atadula nkhani ya mnyamata wa payunivesite amene anasowa.
Panatsala dzenje pa tsamba lachitatu,
ndipo dzenje silinkaloledwa kuoneka.
Ankalifotsera ndi ufa ndi mazira.

"Odete, imeneyo si yodya,"
anatero atakweza wailesi, poti khoma linali ndi makutu.
"Ndi mtanda wa pamanda."

Malamulo aakulu a dziko analipo ndithu.
Ankati munthu alankhule momasuka,
kenako mpumiro,
ndipo kuseri kwa mpumirowo kunkaima asilikali.
Mu 1968 anasanjikizapo pepala lina
monga mwala pa chivundikiro.

Zaka makumi awiri.
Ine ndinagulula mano, ndinatha msinkhu, ndinakwatiwa.

Okutobala wa 1988, bambo anabwera ndi kabuku katsopano m'thumba la malaya.
Sanavule nsapato.
Analondola gawo lachisanu ndi chala chakuda ndi inki,
milomo ikugwedera:
kunena maganizo ako ndi ufulu,
mpumiro.
Apa chala chinaima.
Ndinamva firiji ikung'ung'udza.
Kuseri kwake kunalibe mfuti,
kunangolembedwa kuti usabise dzina lako.

Anakwera pampando, anatsitsa chitini cha khofi chadzimbiri.
Munali kamzere ka mtovu kamene anabisa m'sokosi usiku uja,
zilembo zotembenuka, zowerengeka pa galasi pokha.
Anakapaka inki ndi chala chachikulu
n'kukadinda m'mphepete mwa tsambalo:
Aristeu Falcão, zaka 22.
Pansi pake analemba ndi bolopeni, Genésio, wosanja zilembo.
Dzanja linkanjenjemera, G anapindika.

Mnyamatayo sanapezeke.
Kabuku sikafukula munthu.
Ndipo makhoti mpaka lero amakanganabe
za pamene mpumiro uyenera kukhala.

Mayi ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi tsopano.
Akaona kaphikidwe m'nyuzipepala
amavala magalasi, amayamba awerenga mchere.
Ukachuluka amandiimbira foni:
"Zuleide, wasowa ndani?"