Nsapato za Kumanzere

Chitseko chinakana kutseguka chonse.
Tinalowa chammbali, mmodzimmodzi:
ine, Sankhulani,
ndi mnyamata watsopano wa ku Bangwe
amene magolovesi ankamukhwepa m'manja.

Wolipira anali mwana wawo wa ku Joni,
pa foni, theka lero, theka tikamaliza.
Anati, chotsani zonse,
amayi aonenso simenti ya nyumba yawo.

Simenti tinaipeza cha m'ma leveni.
Pamwamba pake panali manyuzipepala ofika m'khosi,
majumbo opindidwa bwino ngati zovala za Lamulungu,
wailesi zinayi zosalankhula,
maambulera othyoka nthiti,
zigubu, zigubu, zigubu zopanda madzi,
ndi kanjira kamodzi, ka mbewa,
kochoka pakhomo kukathera pabedi.

Ntchito yathu ili ndi milu itatu:
zosunga, zopatsa ena, zopita ku Mzedi.
Mayi Nankhwenya anakhala pa ndowa yovundikira
n'kumalondera mulu wachitatu.
Ndikaponya chivundikiro cha poto, amachitola.
Ichi n'chabwino.
Ndikaponya loko wopanda kiyi:
Ameneyo adzafunika.
Lole inkadikira pamsewu wa Chilomoni,
dalaivala akuimba hutala ngati tam'bera tsiku.

Kuchipinda chamkati kunalibe fungo la zoola.
Kunali thumba la feteleza, lomanga kukamwa,
lodzaza nsapato za ana.
Zapulasitiki, zasukulu, patapata woduka lamba.
Mnyamata uja anayamba kuziphatikiza,
kenaka anaima.
Zonse zinali za kumanzere.

Yakumanja ndili nayo, anatero mayiwo,
akuitulutsa pansi pa pilo:
kansapato kofiira, matope ataumira m'kati.
Ndinaitola ku Chilobwe, phiri litatsika.
Inzake sindinaipeze.
Mwiniwakenso.

Sankhulani, amene sasowa chonena,
anavula chophimba kumphuno n'kuyang'ana kudenga.
Panja hutala analiranso.

Pa fomu ya kampani palibe mzere wa zimenezi.
Pali kulemera kwa katundu, maulendo a lole,
ndi malo osainira kuti kasitomala wakhutira.

Tinanyamula manyuzipepala, anatilola.
Zigubu tinasiya ziwiri.
Wailesi anati tengani, zinandiuza kale zimene zinkadziwa.
Pofika madzulo zenera linatseguka
koyamba m'zaka ziwiri,
mphepo ya kuphiri la Michiru inalowa
n'kusowa choti igwetse.

Thumba lija ndinalipukuta fumbi ndekha,
n'kuliimika pakona yoyera, pafupi ndi bedi.
Chithunzi chotumiza ku Joni
ndinajambula nditalifulatira.

Pobwerera ku Mzedi, lole ili yopepuka,
tinaima pa Kameza kugula chimanga chootcha.
M'ngalande munali kansapato kamodzi,
kobiriwira, osati kofiira.
Ndinakayang'ana nthawi yaitali ndithu
mpaka dalaivala anandiitana ndi dzina.