Pakhoma la Paipi

Pakati pa paipi madzi ali ngati akabaza pa mlatho,
kugundana, kupotoloka, kutukwanizana.
Koma pakhoma penipeni
pali kachigawo kopyapyala kuposa khoko la anyezi
pomwe madzi amayenda monyang'ama
ngati mlendo wavula nsapato.

Apo ndi pomwe klorini wathu amathera.
Timathira wokwanira kuthanki,
akafika ku M'baluku watsala dzina lokha.
Dzimbiri likumudya mwakachetechete.

Usiku wachitatu uno
ndikuwerengera pa laputopu ya a Twaibu.
Paipi ndaigawa m'timabokosi zikwi makumi anayi,
tochepetsetsa pafupi ndi chitsulo.
Kamvuluvulu aliyense wa m'madzimo ndamupatsa nambala,
koma sakumvera.
Amatsika mwadzidzidzi, kukolopa khoma,
n'kuthawa ndi zomwe watola.

Magetsi athima. Fani yaima.
Thukuta likuyenderera m'khosi,
mpweya wagona pakhungu osasuntha,
ndipo ndazindikira:
kutentha kwanganso kukudikira kamvuluvulu
woti adzakunyamule.

Ndatola katoni, ndikudzikupiza.
Mawa ndikamuuza Mwanaisha
kuti masamu aja
ndawamvera pakhungu.