Kope la Aphungu

Anandipatsa kope ndi mabolopeni awiri,
amvekere: Edesi, lero usataye liwu ngakhale limodzi,
ndikakaima ku Nyumba ya Malamulo
pakamwa panga pakatuluke anthu awa.

Tinafika kuseri kwa Chamama dzuwa lili paliwombo,
galimoto itavala fumbi mpaka m'maso.
Kunalibe nsanja, kunalibe nyimbo zolonjera.
Anthu anangokhala pansi m'shedi ya fodya,
mikangala ili pamwamba pa mitu yawo,
fungo la bale litakakamira m'malaya.

Ndi matenanti awa. Anabwera pa lole
kuchokera ku Phalombe, ku Thyolo, ena kutsidya kwa Muloza,
ine ndisanabadwe.
Ana awo amatafuna mawu ngati ife akuno
koma m'kaundula wa mudzi uliwonse mulibe dzina lawo.

Woyamba kuimirira anali a Mukhwapa,
chipewa m'manja, akuchipinda ngati chalakwa.
Anati: Pa wailesi akuti utenanti unatha.
Kaya lamulolo lole yake inafera panjira.
Ine ndapachika fodya zaka makumi awiri ndi zitatu,
ndipo akachotsera chimanga chimene ndinadya,
mchere, feteleza, panado wa mwana,
ndimatsala ndi ngongole ndi msana.

Ndinalemba: ngongole. Msana ndinausiya.
Kenaka ndinabwerera n'kuulemba.

Mayi wina, Nasiyaya, anayamba bwinobwino m'Chichewa,
koma atafika pa mwana amene anamusiya mu Febuluwale
mawu anathawira ku Chilomwe.
Aphungu anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kope.
Kamnyamata ka sitandade sikisi ndiko kanamasulira:
akuti manda anachita kupempha masiku awiri,
anawapatsa kumphepete, pafupi ndi chulu,
ngati kuti wakufayo nayenso ali pa ganyu.

Za chiphaso cha unzika zinadya masamba atatu.
Wopanda chiphaso alibe feteleza wotsika mtengo,
alibe nambala ya foni m'dzina lake, alibe voti.
Apa wina kumbuyo anaseka:
Nanga mwadzatani, poti ife sitiponya?

Ndinaona a Kamzimbi akuvula magalasi.
Sanayankhe msanga.
Mbuzi inadutsa pakati pathu, osaithamangitsa.
Anati: Amayi anga anasoka fodya pa esiteti ku Santhe.
Ine kuwerenga ndinaphunzirira pa zilembo za mabelo.
Sindikulonjezani mlatho.
Lachiwiri la mawa lino ndibwera ndi olembera a kuboma,
makina awo ojambulira tidzawaika pomwe pali mbuzipo.
Za malipiro ndikazinena, inde,
koma dziwani kuti ena mwa ondimvera kumeneko
ndi eni minda.

Palibe analuluta.
A Mukhwapa anavala chipewa chawo, basi.

Pobwerera, mdima utameza phiri la Kasungu,
aphungu anagona mutu utatsamira zenera,
foni ikungonjenjemera pamiyendo:
uyu akufuna bokosi la maliro, uyu fizi,
uyu malata a tchalitchi chimene mphepo inasasula.
Ine ndinayatsa tochi n'kuyamba kuwerenga mayina,
makumi asanu ndi limodzi kudza anayi.
Ena ndawalemba mokhota, ndikudziwa,
khutu langa silinazolowere mayina akumwera,
ndipo ndikuopa kuti adzalowa m'makina
ali opunduka chomwecho, chifukwa cha ine.

Patsamba lomaliza pali chala.
Nasiyaya anakana kuti ndimulembere,
anati dzina lake lalembedwa kokwanira m'mabuku a ngongole.
Anangodinda chala chachikulu,
chakuda ndi utomoni wa masamba,
inki sinafunike.

Za Lachiwiri sindikudziwa.
Dalaivala akuti mafuta avuta,
a kuboma akuti kalata sinawapeze,
aphungu aimbako kanayi chiyambire m'mawa
ndipo mawu awo ayamba kusasa.
Kope lili pa tebulo langa, pansi pa kapu.
Ndikangolitsegula muofesi muno
amene wakhala pafupi amayetsemula.