Masitepe a ku Busan

Zaka makumi atatu ndinkapachika mayina pakhoma,
woyamba pamwamba, wotsiriza pansi penipeni
pomwe chinyezi cha kudoko chinkafufuta inki.

Pyo Dong-hwi sankachoka pansipo.
Masamu ankamukuta mutu ngati nkhungu ya ku Yeongdo.
Ndinamukwapula ndi rula m'manja kosawerengeka,
ndipo m'kaundula ndinalemba ndi dzanja langali:
"Mwanayu sapita patali."

Sindinalembe kuti ndiye ankanyamula chikwama cha Seol-hee
woyendera ndodo uja,
kapena kuti anabweza ndalama yomwe anatola pabwalo
nsapato yake ili yasa, chala chili panja m'chisanu.
Pafomu panalibe danga la zimenezo.
Mwina linalipo, ine sindinaliyang'ane.

Tsopano impso zanga zatopa.
Lachiwiri ndi Lachisanu makina amandichapira magazi,
ndipo pakati pa khomo langa ndi msewu wa mabasi
pali masitepe zana limodzi ndi makumi anayi.
Miyendo inandikana chaka chatha.

Apamwamba aja sanandiiwale, ndisaname.
Woweruza milandu ku Seoul amatumiza mapeyala
okulungidwa bwino, limodzilimodzi m'kaukonde kake.
Wina ali ku yunivesite ya kunja,
amaimba foni pa chaka chatsopano.
Wachitatu ndinamuona pa kanema
ataphimba nkhope ndi jekete, apolisi uku ndi uku.
Ameneyo sankaphonya funso.
Satifiketi yake ndinasaina ndine, monyadira.

Koma peyala silibereka munthu.

Kusanache kumamveka kugogoda.
Dong-hwi, imvi zili mbuu, nsapato za raba,
fungo la nsomba za ku Jagalchi lili m'malaya,
amagwada, kundipatsa msana.
Palibe anamutuma.
Anangomva kwa mayi wogulitsa ndiwo kuti aphunzitsi sakutsika.

Amati kupatsa n'kuika.
Nanga ine ndinaika chiyani mwa munthu uyu,
kupatula mikwingwirima ya rula?

Tsiku lina, tili pakati pa phiri,
madenga abuluu ali m'munsi, sitima zikulira,
ndinamunong'oneza m'khutu zomwe ndinalemba zija.
Ndinkayembekezera kuti msana wake uuma.
Anaseka mpaka ine kugwedezeka.
"Munalosera bwino, aphunzitsi.
Sindinapite patali. Ndikadali pompano.
Gwiritsani, apa pamaterera."

Usiku ndimatsegula makaundula akale.
Mapepala achita chikasu, manambala akuzilala,
sindikumbukanso amene anapeza makumi asanu ndi anayi
m'chaka chomwe mphepo yamkuntho inasasula denga la holo.
Chomwe thupi langa likudziwa
ndi kutentha kwa msana uja,
ndi mawu ake akuwerenga masitepe chapansipansi
kuti ndisaope,
limodzi, awiri, atatu,
mpaka kumsewu,
osalakwitsa ngakhale kamodzi.