Miyezi Yopanda Dzuwa ku Tromsø

Sigve anandifunsa tili m'chipinda chochapira cha chipatala,
makina akuzungulira ndi nsalu za odwala,
nthunzi ikutinyowetsa nsidze:
"Ingunn, iwe suphonya kutchalitchi.
Mulungu wakoyo anali kuti
usiku umene bwato la mng'ono wanga linamira kuseri kwa Kvaløya?"

Ndinatsegula pakamwa.
Munatuluka mpweya wokha.
Ndinapinda nsalu imodzi kanayi
ngati yankho labisala m'makona ake,
mpaka belu loweruka linandipulumutsa,
chipulumutso chochititsa manyazi.

Zaka makumi anayi ndakhala pa benchi lachitatu kumanzere.
Ndimadziwa poimirira, ndimadziwa pogwada.
Koma chikhulupiriro changa chinali ngati juzi ya malemu mayi anga:
yofunda ndithu,
koma undifunse mmene anailukira, ndingoti kukamwa yasaa.

Sabata yomweyo dzuwa linatsikira kuseri kwa mapiri
kuti lisaonekenso mpaka Januwale.
Ndinagula kope lachikuto chobiriwira ndi mapensulo atatu.
Lachiwiri lililonse ndinkakwera basi mumdima wa masana
kupita kwa abusa Myrvoll,
anthu asanu ndi mmodzi pa tebulo la kukhitchini,
khofi akuzizira m'makapu,
nsapato zathu zikusungunula chipale pakhomo.

Tinawerenga Malemba pang'onopang'ono
ngati munthu woyenda pa madzi oundana,
phazi lililonse kuyamba lafunsa.
Ndinaphunzira kuti mafunso anga ndi akale kuposa ine,
kuti ena anawasenza zaka mazanamazana zapitazo
ndipo sanawatule onse.
Mawu amodzi a Chigiriki anandidyera mausiku atatu.
Tsamba lina ndinalikwiyira,
ndinatseka buku, ndinakatsuka mbale zotsuka kale.

Kunyumba ndinkayeserera pamaso pa mphaka.
Ndinkadzifunsa ndi mawu a Sigve, okhuthala, otopa,
n'kudziyankha ndi mawu anga.
Mphaka ankayasamula.
Pofika Khirisimasi lilime linasiya kunjenjemera,
ndipo ndivomere: ndinayamba kukonda kumveka kwa mayankho anga.
Masamba khumi ndi limodzi, mfundo zolembedwa manambala.
Abusa anawawerenga, anavula magalasi, anati,
"Zonsezi n'zoona. Koma mnyamata womirayo dzina lake ndani?"

Sindinkalidziwa.

Tsiku limene dzuwa linabwerera
wina anabweretsa mabanzi achikasu kuntchito,
monga timachitira chaka chilichonse.
Tonse tinaunjikana pa zenera la kummwera
kudikira kachidutswa ka moto pakati pa mapiri awiri.
Sigve anakhala yekha pa dengu la matawulo,
banzi lili m'manja, osaluma.

Kope linali m'thumba la yunifomu, likundigunda pantchafu.
Ndinakhala pambali pake.
Ndinati, "Dzina lake anali ndani?"

"Jostein."
Anandiuza za dzino lake lobenthuka,
za mmene ankaimbira mluzu molakwika pokonza maukonde,
za ngongole ya makorona mazana awiri imene sanabweze.
Dzuwa linatuluka, linakhala mphindi zochepa, linapita.
Ife sitinalione.

Atatha, ndinanena chimodzi chokha mwa zonse za m'kope,
ndipo mawu anga anaima chilili:
"Chifukwa chake sindichidziwa, Sigve.
Ndafufuza miyezi iwiri, sindinachipeze.
Chimene ndapeza n'chakuti Amene ndimam'pembedza
anaimapo pa manda a bwenzi lake, nalira,
kenako Iye mwini analowa m'manda, natulukamo.
Pamenepo ndi pamene ndaponda."

Analuma banzi. Shuga anamatirira ku ndevu zake.
"Sindikukhulupirirabe," anatero.
"Ndikudziwa."
"Mawa ndili ndi funso lina. Lovuta kuposa ili."

Makina achitatu analira kuti atha.
Tinanyamuka, tinagwira nsalu imodzi, iye uko, ine kuno,
tinaikutumula, tinakumana pakati.

Usiku umenewo ndinasongola pensulo yachiwiri.