Diresi la Mwini pa Chitakale

"Limbuli! Muloza! Watsala mmodzi!"
Mmodzi ameneyu tamudikira kuyambira seveni koloko.
Kaya anabadwa, kaya mayi ake akadali ndi pakati.

Ndili pampando wakumbuyo, chitsulo chikundibaya m'nthiti,
pamiyendo jumbo lakuda,
m'jumbomo diresi loyera la Egifa Nampuntha
amene mawa m'mawa alowe nalo m'tchalitchi pa Limbuli.
Mikanda ya pakhosi ndasoka umodziumodzi
pa kuwala kwa kandulo, mpaka maso kuchita chidima,
ndipo theka la ndalama sanandipatsebe.

Dalaivala aliza injini, vuu, vuu,
asuntha mapazi atatu, abwerera pomwepo.
Anyamata anayi amene tinawapeza atakhala ngati apaulendo
atsika mmodzimmodzi,
uyu ati akagule mayunitsi, uyo ati akataye madzi.
Ndawaona, ali m'minibasi ya kutsidya,
nkhope zili phee, akukopa opusa ena.
Tinali khumi ndi awiri, tatsala asanu ndi atatu,
koma pakamwa pa woitanira watsalabe mmodzi.

Titsike? Ndalama tinapereka kale.
Dayitoni kondakitala anazipinda pakati pa zala,
walowa nazo mumdima kukasaka mafuta a m'chigubu.
Chenje changa chapita naye.

Chiperoni chatsika m'phiri osaodira,
chameza minda ya tiyi, chameza magolosale,
chalowa pawindo lomatidwa ndi katoni
n'kudzakhala pakhosi pa mwana wa mayi wa zinanazi.
Mwana akutsokomola. Mayi akuwerenga zotsala m'dengu,
zisanu ndi chimodzi, mawa zikhala zitafewa.
Bambo wa yunifomu ya ulonda akuyang'ana wotchi
ngati ingamumvere chisoni:
kufakitale akamulemba jomba,
tsiku lathunthu lidyedwa ali chikhalire pano.

Foni yalira. Mayi a mkwatibwi.
"Atelala, muli pati?"
"Tikunyamuka, mayi, injini yalira kale."
Taonani, bodza n'lopatsirana ngati chimfine,
ndalitenga kwa Dayitoni.

Wa njinga yamoto wandigogodera pagalasi,
mtengo wake ndi phindu langa lonse la sabata,
ndiponso matope a m'njira
sadziwa kuti nsalu iyi ndi ya tsiku limodzi pa moyo wa munthu.
Ndapukusa mutu. Waseka, wapita.

Teni koloko itadutsa, tanyamuka.
Palibe wawomba m'manja.
Chitseko achimanga ndi lamba wa chikwama,
nyali imodzi ikupenya, inzake inagona kalekale.
Paboma taima, kuitanira mizimu.
Pachipatala taima. Pamlatho taima,
dalaivala akunong'onezana ndi tochi ya wapolisi.
Atsika awiri, atsika atatu,
mlonda walumpha pamphambano n'kuthamangira mumdima,
mayi wa zinanazi wabereka mwana, wasenza dengu, wasowa m'tiyi.

Pa Mimosa injini yazima mwadala.
"Akulu, munthu mmodzi sangatifikitse ku Muloza.
Ikubwera ina pambuyopa, takuuzirani kale."
Andigulitsa ngati thumba la makala
kwa wogula amene sindinamuone.
Chenje? "Mukatenge kwa ameneyo."
Atembenuka. Kanyali kofiira kachepa, kachepa, kazima.

Mvula yowaza yayamba.
Ndavula jekete, ndafunditsa jumbo,
ine ndinyowe, ndinakwatira kale.
Foni yalira kamodzi, batire lafa pakati pa dzina langa.
Ku Limbuli azimayi akusenda anyezi, akuyang'ana kumsewu,
Egifa wamanga tsitsi m'mpango, sakugona,
ndipo wina wanena kale kuti matelala ndi choncho.

Kutali uko kwatulukira diso limodzi la moto.
Njinga kodi? Minibasi yachisoni ngati ija?
Ndaima pakati pa msewu, jumbo pachifuwa ngati khanda,
dzanja m'mwamba.
Ngati akufuna mmodzi wotsala uja,
amupeza.