Nkhandwe ya ku Masambanjati

Namagowa anati: usayambe ndi kuitana,
yamba ndi mphepo.
Anatapa phulusa m'thumba la jekete
n'kuliwaza. Linathawira kumtsinje.
Tinazungulira munda wa tiyi, kukakhala kumunsi,
msana pachitsa cha bulugamu.

Tsamba la nsenjere pakati pa zala,
analiuzira: kamwana ka mbuzi
kokodwa mu waya.
Katatu basi. Kenako zii.
"Wolira kwambiri ndi wabodza,
nkhandwe imadziwa."

Udzudzu unandiluma m'khosi, sindinauphe.
Mame analowa m'nsapato.
Mumtima ndinawerenga nkhuku za mayi
zimene zinangotsala nthenga pakhola:
zisanu ndi ziwiri,
ndi tambala wosungira Khirisimasi.

Inabwera, koma osati kumene tinkayang'ana.
Inatizungulira, mphuno m'mwamba,
n'kuima pachulu kumbuyo kwathu,
maso ngati makala otsala m'mbaula.
Inamva fodya wa Namagowa, sopo wanga.
Uta usanadzuke n'komwe
inali italowa mu tiyi, osagwedeza tsamba.

"Iyi inaitanidwapo kale," anatero mkuluyo,
akutaya nsenjere yake.

Pobwerera, nkhungu ili m'mawondo,
inalira kutsidya, kawiri.
Tinaima tonse, kutembenuka.
Mpaka lero sindidziwa
ndani ankaitana mnzake.